Phewa la Kalaliki

Lolemba

Kalata yafika kuchokera kwawo kwa malemu mkazi wanga Enelesi, kumudzi kuja kupitirira Chelstone. Chikumbutso chake ndi Loweruka lino. Chaka chakwana. Ndipo atsibweni ake, a Njobvu, avomera pempho langa: mfuti ya pamanda ndiwombe ine.

Pempholo ndinalemba ndekha, ndiye palibe woti ndimudandaulire.

Mwambo wa kwawo ndi wakuti mwamuna awombe kamodzi pamanda, kuti wopitayo amve kuti waperekezedwa. Chaka chatha, tsiku la maliro, anandipatsa mfuti ya gogodela ya malemu apongozi. Ndinaigwira, ndinaiyang'ana, ndinaibweza ndi manja awiri. Anawomba a Njobvu. Wina kumbuyo anati, “Musiyeni, ni kalaliki.” Enelesi anapita osamva kanthu kochokera kwa ine.

Ulendo uno amva. Dongosolo:

1. Kupeza munthu wodziwa mfuti.
2. Kulimbitsa phewa.
3. Kuyamba ndi mfuti yaing'ono, kukwera pang'onopang'ono ngati makalasi.
4. Loweruka kuwomba chiimire, mapazi osasuntha, chipewa osagwa.

Choyamba chatheka lero lomwe. A Sajeni Mwale, a mzere wakuseri muno mu Kabwata, anamenya nkhondo ku Bama, tsopano amalondera nyumba ya mzungu ku Woodlands. Ali ndi mfuti yawoyawo, chifefe cha chitupa. Akuti mfuti iliyonse imamenya mbali ziwiri, kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo kumbuyoko ndiko kuli ine.

Andidina phewa ndi chala, monga ayesera papaya pamsika. “A Kalaliki, ili ndi phewa kapena ndi chopachikapo jekete?”

Zaka zonsezi mu ofesi, chimene chimandigunda dzanja ndi chidindo basi.

Lachiwiri

Mmawa, mfundo yachiwiri. Ndikugunda phewa pamphuthu ya chitseko, kakhumi. Pofika kachisanu ndi chimodzi fumbi la udzu likugwera mu tiyi. Bana Mulenga, oyandikana nawo nyumba, asuzumira ndi tsache m'manja, n'kufunsa bwanji m'chinenero cha kwawo: “Shani ba kalaliki, nyumba yalakwa chani?”

Ndasiya.

Masana, ku Kamwala, pakhonde pamene amasokera Che Saidi. Ndawapempha andisokere kamtsamiro mkati mwa jekete, paphewa lamanja. Sanafunse chifukwa. Anthu akwathu ku Nyasalande ubwino wake ndi umenewu. Angoti, “Achimwene, thonje lingati? La chifefe kapena la njovu?” Ndati la pakati. Aika la njovu.

Tsopano jekete ili ndi linunda ngati ng'ombe, koma la mbali imodzi. Ndayenda nayo mu Cairo Road monse mopendekeka. Wapolisi wandiyang'ana kawiri.

Madzulo a Sajeni aseka mpaka kutsokomola. Atapuma anena zoti ndizilembe. Akuti munthu aliyense ali ndi muyeso wake wa mfuti, ndipo suoneka ndi maso. Ku Bama kunali chimphona cha kwa Mpezeni chimene chinkatsinzina chisanawombe, ndipo kunali kamsilikali, kakopolo kowonda ngati bango kamene kankawomba tsiku lonse, kenako n'kukasewera mpira. “Si thupi ayi.” Ndafunsa kuti nanga ndi chiyani. Akuti, “Mawa.”

Ndasita jekete. Linunda silisitika.

Lachitatu

Titaweruka, ku dzenje lakale lokumba miyala, kupitirira nyumba zomaliza. Chitini cha palafini pamwala. Mphepo ya fumbi.

Ayamba a Sajeni. Sindinaonepo chinthu chotere chapafupi! Mkulu wa imvi, nsapato za matayala, aimirira ngati akudikira basi. Kenako dziko ling'ambika. Phokoso ligunda khoma la dzenje, libwerera, lipitanso, katatu. Njiwa zonse za mu Lusaka zili m'mwamba. Chitini chasanduka sefa. Ndipo mwiniwakeyo? Phewa langogwedera pang'ono, ngati munthu wovomera moni.

Ndavula chipewa osadziwa.

Ndiye ine. Malangizo: phazi lamanzere kutsogolo, tsaya pamtengo, thako la mfuti likanikize phewa zolimba. Zonse ndamva bwino, ndine munthu womva malangizo. Koma pomaliza penipeni ndalitalikitsa pang'ono thakolo. Zala ziwiri zokha. Ndimati chinthu chaukali chotere si bwino kuchipanikiza.

Zotsatira:

kamtsamiro ka Che Saidi kali kumsana;
magalasi ali mu udzu;
ine ndili pansi, chokhala;
chitini chachiwiri chili bwinobwino, sichinamve n'komwe.

Kupweteka kwake kunachedwa ngati kalata ya boma, koma kunafika.

A Sajeni aima pamwamba panga. “Mwaipatsa ulemu. Mukaisiyira mpata imayamba yathamanga, kenako n'kukupezani. Iyi si apongozi anu. Ikumbatireni!”

Pobwerera andinyamulira njinga powoloka njanji.

Lachinayi

Dzanja lamanja silikwera. Ndikudinda makalata ndi lamanzere, zidindo zonse zapendama. Nthawi yopuma ndaima pamzere pa kawindo ka sitolo ya mankhwala, kumbali, pamene timagulira ife. Mankhwala othira paphewa. Akununkha ngati garaja.

Madzulo ku Woodlands. A Sajeni andilowetsera kuchipata cha kumbuyo. Bwana wawo ndi mlenje wakale, wogontha khutu limodzi, antchito amamutcha Bwana Chimutu. Lachinayi lililonse amawombera chulu chakuseri kwa mpanda kuti mfuti zake zisachite dzimbiri. Wamva nkhani yanga, wagwedeza mutu, walowa m'nyumba, watuluka ndi mfuti ya njovu.

Ambuye! Mipope iwiri, uliwonse chala changa chachikulu chikulowa momasuka. Chipolopolo chake ngati kandulo. Wandilola kuinyamula. Ikulemera ngati makina a Che Saidi.

Wawomba yekha. Sindinamve ndi makutu, ndamva ndi m'mimba. Chulu chafuka. Agalu awiri ali pansi pa galimoto. Wophika wagwetsa china chake kukhitchini. Ndipo chimunthu chija, chachikulu ngati chitseko cha tchalitchi, chabwerera m'mbuyo mapazi awiri, chipewa chili pansi.

Ngakhale iyeyo imamusuntha! Zaka makumi atatu akudziwana, imamusunthabe. Watola chipewa akumwetulira, akusisita mtengo wa mfutiyo, n'kunena m'Chinyanja chake chopindika, “Iyi konda ine maningi.”

Kenako wakumbukira mfundo yanga yachitatu, yoyamba ndi yaing'ono. Wandipatsa volovolo. Kakang'ono, kokwana m'thumba, kopanda chochita ndi phewa. Ndasangalala. Ndatambasula dzanja lamanzere. Palibe anandiuza kuti kameneka sikakankha, kamalumpha.

Chotupa pachipumi, chachikulu ngati dzira la nkhanga. A Sajeni akuti volovolo ameneyo ndi wa mtundu waukali kuposa onse, bwana amangomuona wamng'ono chifukwa cha manja ake.

Mfundo yachitatu ndaifufuta. Makalasi onse ndalephera, kuyambira pansi ndi pamwamba pomwe.

Lachisanu

Alamu anga a Yohane, mlongo wake wa Enelesi, afika pa njinga kudzagula onga wa mfuti ndi shuga. Agona kuno, mawa tipitira limodzi. Ayang'ana chipumi changa, ayang'ana linunda la jekete, ayamba adya kaye.

Nkhani yoyamba: iwo ndi a Njobvu sakulankhulana. Nkhani yake ndi mfuti yomweyo. A Njobvu akuti ndi ya mwini mbumba. A Yohane akuti inali ya atate awo, ndiye ndi yawo. Chikololere chimanga sanapatsane moni. “Koma mawa tikhala chete chifukwa cha mlongo wanga.”

Nkhani yachiwiri anena ngati yopanda ntchito, akutsuka m'manja. “Alamu, mukuvutikiranji? Mfuti ija mkazi wanu ankawomba ali kamtsikana.”

Ndati mwina sindinamve.

Akuti atate awo atayamba kudwala maso, nguluwe zinkamaliza munda. Iwo a Yohane anayesa kamodzi, inawagwetsera mu mzere wa mbatata, sanaikhudzenso chaka chonse. Enelesi anaitenga. Nyengo zinayi akulondera munda ndi gogodela yotalika kuposa iye mwini. “Ankaikumbatira ngati mwana wodwala. Ikalira, iye ali pomwepo, akungophethira utsi.”

Enelesi. Amene mutu wake unkafika pathumba la malaya anga. Amene ankandiitana kuti ndidzachotse buluzi m'ndowa.

Paphewa lake lamanja panali banga lakuda, lolimba pang'ono, lalikulu ngati chala. Ndinafunsa kamodzi, tili chikwatirane kumene. Anati, “Za kumunda.” Ine ndinaganiza khasu. Zaka khumi ndi zinayi dzanja langa likudziwa pamenepo, ine ndikuganiza khasu.

Ndatuluka kukaima kuseri kwa nyumba mpaka dzuwa litalowa. Bana Mulenga anandiona, sanati shani.

Loweruka

Ndikulemba ndi lamanzere. Zilembo zikhululukidwe.

Tafika mmawa, ine, a Yohane ndi a Sajeni. Anthu ambiri. A Sajeni awatengera kumene kuli mowa. Ine andikhazika pamphasa pansi pa mtengo wa msuku, pamalo a mkamwini. Mfuti ili chotsamira mtengo womwewo, mapazi atatu kuchokera pamene ndakhala.

Abwera a Njobvu. Ayesa onga pachikhatho, owunjika. Athira mumpope. Kansanza. Atsindira ndi ndodo, kasanu. Aibwezera pamtengo, apita kukalandira alendo.

Patapita kanthawi abwera a Yohane, akuyang'ana uku ndi uku. “Mfuti ya atate ndithira ine.” Onga wa dzulo uja, pachikhatho, owunjika. Kansanza. Ndodo, kasanu.

Ndati, “Alamu, kodi...”

“Musaope, alamu. Ndaika wokwanira.”

Ndine ndekha m'mudzi monse amene ndaona zonse ziwiri. Ndikati atsibweni athira kale, mkangano uyamba pomwepo, pa tsiku la Enelesi, ndipo woyambitsa ndi mkamwini. Ndikapita kwa a Njobvu kukanena za a Yohane, chimodzimodzi. Mkamwini sakonza apongozi. Amakhala pamphasa.

Ndakhala pamphasa.

Kumanda. Nyimbo. A Njobvu andipatsa mfuti, ndalandira ndi manja awiri. Ulendo uno sindinabweze. Ndavula jekete ya linunda, ndapatsa a Sajeni. Phazi lamanzere kutsogolo. Mpope kumwamba, kutali ndi anthu. Mtengo wake ndi wosalala pamene pamagona tsaya, wodyeka pang'ono. Tsaya langa lakwana pomwepo.

Ndaikumbatira. Mpata wa zala ziwiri panalibe, ngakhale wa tsitsi.

Za phokoso sindingalembe, sindinalimve. Ndaona kuyera. Kenako thambo, ndi masamba akutsika pang'onopang'ono mu utsi, okongola kwambiri. Ndili chagada. Chipewa sindikudziwa. Kutsogolo uko, pamene ndinaima, nsapato yanga yamanzere ili chiimire yokha, yoloza bwinobwino.

Chete. Ngakhale ana. Kutali ng'ombe zikuthawa.

Kenako mawu a a Njobvu, ngati ochokera pansi pa madzi: “Wamva. Ameneyu wamva ndithu. Ngakhale akwanu ku Nyasalande amva.”

Azimayi ayamba nthungululu. Ine ndili pansi pomwepo, pambali pa manda, ndipo chimene chinakanika pamaliro, chimene chakanika chaka chonse, chabwera chokha. Ndalira ngati mwana. Anthu akuti, “Phewa, phewa, musamugwire phewa!” Ndawasiya aganize choncho.

Lamulungu

Kutchalitchi sindinapite. Belu ndikulimva ndi khutu limodzi, ngati Bwana Chimutu.

Kuwerengera dongosolo la Lolemba:

1. Munthu wodziwa mfuti: ndinamupeza. Ndinakhala naye nyumba imodzi zaka khumi ndi zinayi.
2. Phewa: silinalimbe.
3. Makalasi: onani Lachinayi.
4. Chiimire: nsapato yokha.

Mfuti sinaphulike. A Sajeni akuti zimenezo n'zoyamika Mulungu pamodzi ndi amene anaisula, ndipo atamva zimene ndinaona pansi pa msuku afunsa: “Munadziwa, n'kukokabe?” Ndati inde. Andiyang'ana monga ndinawayang'anira ine Lachitatu. Pochoka akuti, “Komabe, a Kalaliki, muyeso wanu ndi chidindo. Musadzayesenso.” Ndavomera. Sindidzayesanso.

Akuti kumudzi a Njobvu akuuza anthu kuti kulira kotero ndi kathiridwe kawo. A Yohane akuuza anthu kuti ndi onga wawo wa m'tauni. Onse akunena zoona. Ine ndili chete.

Bana Mulenga andimangira dzanja pakhosi ndi chitenje cha Enelesi, chobiriwira chija. Anafunsa kaye ngati ndingalole. Jekete ndibweza kwa Che Saidi mawa achotse thonje.

Masana ndayang'ana pagalasi lometera. Paphewa lamanja, pamalo pomwe paja, pada bii. Banga la Enelesi linali laling'ono, laudongo, ngati chala. Langa lafika mpaka m'khwapa, lofiirira m'mbali, losalongosoka, la munthu wosadziwa. A Sajeni akuti ndikamathira mankhwala aja kawiri pa tsiku, litha m'masabata awiri.

Botolo ndaliika pamwamba pa kabati. Bangali lichedweko pang'ono.