Sitima Imene Ndinakwezamo Anaphiri

Inu amene mukupotoza milomo apo, tayambani mwaika mafosholo pansi, simentiyo siuma pompano. Zaka zonsezi mwakhala mukumvera a Kachingwe ngati kuti muno mu Mtandire wodziwa sitima ya pamadzi ndi iwo okha, poti anakagwirako ntchito padoko ku Durban n'kubwerako ndi chipewa choyera. Lero mukumanga chiliza cha mkazi wanga Anaphiri, ndiye mumve za ine, ndipo wokayika anene ndili pano.

A Kachingwewo, anansi athu a kuseri kwa mpanda, ankakonda kukhala pakhonde pathu n'kumajambula sitima padothi ndi kamtengo. Ati kutsogolo kwake amalinyero amati bawu, ndiyo mphuno yong'amba madzi. Ati mphunoyo ili ndi masaya awiri, la kumanzere ndi la kumanja, ndipo mlonda akaona chinthu sanena kuti "uko", amatchula tsaya lake. Ati dzina la sitima amalilemba pamenepo, pafupi ndi bowo lotulukira nangula. Anaphiri ankasiya kusoka, singano ili m'mwamba, maso ali pa kamtengo kaja. Ine ndikamafotokoza za ukalipentala wanga, singanoyo sinkaima.

Ndiye chaka china mtsinje wa Lingadzi unasefukira masanasana, madzi anakwera mpaka nkhuku zinkaikira mazira pa mawaya a magetsi, ndipo ine ndinazula chitseko, n'kuphatikiza bedi, kabati ndi denga la bafa, misomali ndikukhoma ndi chibakera poti hamala inali itapita ndi madzi, ndipo mvula isanapume ndinali nditamanga sitima ya nsanjika ziwiri. Mukumva? Mphuno yake ndinaisongola ndi mano angawa, inathwa moti itangokhudza mtsinje unang'ambika pakati ngati chitenje chakutha, mbali ziwirizo osalumikizananso mpaka dzinja linalo, amayi n'kumadutsa pouma popita kukagula matemba. Nangula ndinamangirira mtondo wa apongozi. Masaya onse awiri ndinalembapo ndi makala kuti ANAPHIRI, zilembo zazikulu zoti woyendetsa ndege ankaziwerenga ali kumwamba n'kuvula chipewa.

Ndinakweza kwaya yonse ya kutchalitchi ikuimbabe, mbuzi za anthu, chigayo chikugayabe, minibasi pamodzi ndi kondakitala wake akuitanirabe okwera, ndipo tinadutsa Chinsapo, Biwi, Kawale, madenga tikuwaonera pansi ngati nsomba, ine nditaima pamphuno penipeni, mafunde akandimenya pachifuwa n'kubwerera akupepesa. Mukumva? Ng'ona yaitali ngati msewu wa ku Mchinji inatulukira, ine sindinati "uko" ayi, ndinakuwa kuti, "Tsaya la kumanja!" Ng'onayo itamva kuti pano pali wodziwa ntchito inapereka sawatcha n'kutiperekeza.

Nanga a Kachingwe, katswiri wa ku Durban? Tinawapeza atakakamira mumtengo wa papaya, chipewa chija atachiluma kuti chisanyowe, akuitana mayi awo amene anamwalira kalekale. Ndinawakweza, sindine munthu woipa mtima. Koma ndinawakhazika kumbuyo ndi mbuzi. Bawu ankangoionera patali.

Mukuseka chiyani, a Jere? Ndikulumbira pali manda ano. Amene akanandichitira umboni ndi amene mukumuthirira simentiyu.

Mawa povundukula chiliza mukudziwa mmene zimakhalira. Mwamuna wake wa malemu sayankhula, amangokhala pampando atawerama, ena n'kumamunenera. Ndipo woyankhula m'malo mwa anansi mwasankha a Kachingwe. Adzaima apo ndi chipewa chawo m'manja, adzanena kuti mayiwa ankakonda nkhani za panyanja, anthu adzavomera, ndipo zidzakhala zoona. Ine ndidzakhala chete.

Chabwino. Madzi analekeza m'chiuno. Kwaya panalibe, ng'ona panalibe, ndipo a Kachingwe tsiku limenelo anali ku Ntcheu kwa mlongo wawo. Sitimayo inali chitseko chimodzi, cha kuchipinda. Anaphiri ndinamukhazika pamenepo poti miyendo yake inali itayamba kale kutupa, ndinamanga chingwe choyanikira zovala n'kumakoka kulowera kumtunda. Iye anagwira m'mphepete ndi manja onse awiri, akuseka ngati mtsikana, mvula ikumutsika m'masaya.

"Bambo a Chikondi," anatero, "kumene muliko ndiye ku bawu. A Kachingwe amati wa kumeneko ndiye amayamba kunyowa."

Ngakhale pamenepo, chingwe chikundidula phewa, anatchula iwo.

Pitirizani ntchito. Koma musanasalaze kumutuko, mundipatse msomali. Mawa a Kachingwe ayankhule mmene angafunire. Dzina la kutsogoloko ndilemba ndine.