Tsiku limene ndinasesa ntchito ya a Duncan

Loweruka, 12 Okutobala. Ndikulemba nditakhala pamasitepe kwa aanti ku Speedway, poti pabalaza akundisekabe ndipo ndikusowa poika nkhope.

Kusukulu kwathu ku South Bend anatiuza kuti aliyense acheze ndi munthu wogwira ntchito yachilendo, alembe lipoti. Aanti anati neba wawo, a Duncan, ndi mkulu wochokera ku Scotland amene amakonza mabagipaipi, zitoliro zija za thumba lopanira m'khwapa. M'mawa amayi anadiraiva maola atatu, ine ndikuloweza mafunso anga khumi chamumtima.

A Duncan anatilandirira m'galaja mwawo, momwe ndi mogwirira ntchito. Ndinapereka moni wosamveka (mawu anga amathawa ndikaona mlendo), koma iwo anayamba okha kufotokoza. Akuti anaphunzira ntchitoyi ali mnyamata kwa mmisiri wina kwawoko, kenako anaimba m'gulu zaka zambiri, mpaka nyamakazi inawagwira zala. Tsopano amasema timabango tating'ono toika m'kati mwa chitoliro. Popanda timeneti chitoliro sichilira, ndipo ndi zala zawozo amakwanitsa tiwiri patsiku.

Kenako anapita kukatipangira tiyi, amayi n'kuwatsatira kuti akathandize. Potuluka amayi anandiponyera diso lija ndimalidziwa bwino, lonena kuti mwana wamkazi sakhala chopinda manja kwa akuluakulu.

Pansi panali zinyalala za bango mbwee, pakona pali tsache. Ndinasesa. Pafupi ndi hita panali nyuzipepala yoyala, pamwamba pake tizidutswa tina, ndinakulunga zonse n'kuponya m'bini. Bini linadzaza, ndiye ndinapondera ndi phazi kuti zilowe. Ndinamva phwa, phwa, koma ndinati ndi zinyalala basi. Ndinamanga thumba, kukataya panja, n'kudzakhala pampando ngati mwana wabwino.

Atabwera, amayi anayang'ana pansi n'kuuza a Duncan monyadira kuti kwathu ana timalera chonchi. A Duncan anaika tiyi pansi pang'onopang'ono, maso ali pahita.

"Mwanawe," anatero, "nyuzipepala inali apa ija ili kuti?"

Panali timabango tisanu ndi titatu tomwe amaumitsa, ntchito ya masiku anayi. Tinali ta mayi wina amene iwo anamuphunzitsa kuimba. Lachitatu mayiyo akukayesedwa kuti alowe gulu loimba pamaukwati ndi pamaliro, ndipo akubwera kudzatenga Lolemba.

"Iwe," amayi anandinong'oneza, "ndinakuuza kuti usese?"

Ndinafuna kunena za diso lija, koma ndinangolira.

Tinakhuthula thumba lonse pa simenti. Amayi anagwada kuti apepese monga timachitira. A Duncan anaganiza kuti aona kabango, nawonso anagwada n'kuyamba kufufuza pafupi ndi mawondo a amayi. Amayi akupepesa m'Chichewa, iwo akufunsa kuti kali pati. Tinapeza titatu tamoyo, tinato phazi langa linali litamaliza. Ndiye a Duncan analephera kudzuka, mpaka tinawanyamula wina uku wina uku.

Sanandikalipire, ndipo zimenezo ndi zomwe zikundipweteka kwambiri. Anangoti galajayo sinayerepo chonchi chimwalirire akazi awo, kenako anawerenga zala n'kunena kuti pofika Lolemba okha sangakwanitse tisanu. Anatenga dzanja langa, kuliyang'ana, n'kufunsa ngati limanjenjemera. Ndinati limanjenjemera ndikamalankhula pokha. Anaseka mpaka kutsokomola.

Amayi aimbira kuchipatala kuti asinthane shifiti ndi anzawo, tigona konkuno. Pamafunso anga khumi sindinafunse ngakhale limodzi.

Mawa tikangoweruka kutchalitchi ndipita kukawapalira bango, iwo azimalizitsa. Ndipo chilichonse chimene ndikafune kugwira, ngakhale chikhale fumbi, ndikayamba ndafunsa, mokweza kuti amve.