Chipinda cha Amayi Maria

Lolemba

Mayina atuluka! Ku mphakati a Nachisale, apampando athu, alengeza nyumba zimene chifaniziro cha Amayi Maria chizigona nyengo ino ya Adiventi. Lamulungu likubwerali ndi kwathu. Kwathu kuno! Abwera ndi nyimbo, agona, m'mawa mwake apitirira kwa ena.

Ndatulutsa zonse m'chipinda chaching'ono chija: matumba a feteleza, khasu lopanda mpini, ndi matayala akutha a kabaza wa aMbewe amene akuti tsiku lina adzagwira ntchito. Chipindachi tinamangira ana. Anawo sanabwere, ndiye munalowa matayala.

Zofunika:
- kuzira pansi ndi tsiro lakuda la kudambo
- dothi loyera lojambulira maluwa m'khoma (ndakalitapa kutsidya kwa mtsinje, miyendo ikuwawabe)
- kansalu kopeta ka patebulo
- kandulo yodalitsidwa
- tambala wofiira, wodyetsa anthu a mphakati. Iye mwini tambalayo sanauzidwe.

Ndiye pali china chimene sindinauze munthu, ngakhale amuna angawo. Masiku anga opita kumwezi adutsa, ndipo kuli zii. Chikwatiwire sizinachedwepo chonchi. Ndikuyenda pang'onopang'ono ngati ndasenza ndowa yodzaza.

Ndikufuna Amayi Maria akalowa, anthu akabalalika, nditseke chitseko tikambirane awiriwiri, amayi okhaokha. Ndiwapemphe kuti ulendo uno chikhale chenicheni. Iwonso pano ali ndi pakati, andimvetsa.

Anzanga amaitana amuna awo kuti bambo a Chisomo, bambo a Yamikani. Ine mpaka lero ndi "aMbewe", ngati ndikuitana wogulitsa makala.

Lachiwiri

Pansi pauma bwino, pakuwala! Ndikulowamo opanda nsapato, ndikutuluka chafutambuyo kuti ndisasiye mapazi. Ndaima pazenera nthawi yaitali, ndikuona kale m'maganizo kandulo ikuyaka, maluwa oyera akukwera m'khoma mpaka kudenga.

Masana belu la njinga. AMbewe akukankha kabaza, thukuta lili kamukamu. Pa kaliyala pakhala mtsikana, mimba ili uko. Pambuyo pakubwera mayi wachikulire atasenza mtolo wa nkhuni, beseni pamwamba pake.

Ndi Asiyatu, mkazi wa msuweni wawo wa ku Kalembo, ndi mayi ake Abiti Jafali. Abwera kuchidikiro kuchipatala chathuchi, koma apeza kwadzaza, ena akugona pakhonde. Mwamuna wa Asiyatu ali ku Joni.

AMbewe akuti: "Nanga ndikanawasiya pamsewu? Chipinda si chilipo, chozirazira."

Chozirazira! Anazira ndi iwo?

Ndamwetulira mpaka masaya kuwawa. Ndati takulandirani, khalani omasuka. Amasukadi.

Zalowa m'chipinda cha Amayi Maria:
- beseni, zitenje, pepala lakuda la pulasitiki
- mapoto awoawo (akuti athu sakudziwa zimene anaphikapo, ndipo sakulakwa, aMbewe ndi nkhumba salekana)
- mkeka wopempherera ndi birika la madzi osamba asanapemphere
- thumba la ufa
- nkhuku yathadzi yomangidwa miyendo, imene yamasulidwa ndipo yakana kutuluka

Abiti Jafali akuti: "Musadandaule amwali, uyu watopa kale. Mawa kapena mkuja achira, Inshallah."

Ndayankha ameni. Ameni wochokera pansi pa mtima.

Lachitatu

Sanachire.

Anamwino anamuuza kuti aziyendayenda. Kunja kuli mvula, ndiye akuyendayenda m'chipindamo, atavala masilipasi. Pansi pakumbika kanjira kuchokera pakhomo kukafika pazenera. Thadzi laikira dzira pa kansalu kopeta. Abiti Jafali akuti ndi mwayi umenewo. Mwayi wa ndani?

Ndati chabwino, pansi pawonongeka koma khoma lilipo. Ndikajambule maluwa anga. Ndapita kukatenga mbale ya dothi loyera, ndapeza yatheka. Asiyatu milomo ili mbuu.

"Alamu, dothi limeneli mumalitapa kuti? Kunona kwake!"

Mayo ine! Maluwa a Amayi Maria ali m'mimba mwa Asiyatu.

Ndakwiya. Kenako ndaganiza. Ndatenga kachibulumwa, ndazemba kuseri kwa bafa, ndaluma. Ngati ndili ndi kanthu, liyenera kundikomera. Ndatafuna modekha, maso ali kumitambo. Likumveka ngati dothi. Komabe kumapeto kwenikweni, kukhosi uku, ngati pali kakukoma pang'ono. Ndalumanso kuti nditsimikize. Ndalumanso kachitatu chifukwa kachiwiri kanali ndi muzu.

Mchenga uli m'mano mpaka tsopano. AMbewe afunsa chimene ndikumwetulira, ndati mvula yagwa bwino.

Lachinayi

M'mawa Abiti Jafali akuswali kuseri kwa khomali, ine kuno ndili ndi kolona. Mulungu lero wamva kuchokera mbali ziwiri, ndipo tonse tikupempha chimodzi: Asiyatu achire msanga. Zifukwa ndiye zosiyana.

Masana, kukuwa! "Yayamba! Yayamba!" AMbewe asiya nsima m'manja, akweza Asiyatu, akupalasa m'matope ngati akuthawa njuchi. Abiti Jafali pambuyo ndi zitenje. Ine pambuyo pawo ndi beseni, mtima uli mbee. Ndikukonza kale zonse: achira lero, atuluka mawa, Loweruka ndizira. Ndikuthamanga ndikuimba ya Adiventi.

Dzuwa lisanalowe tabwerako tonse, ndi beseni lomwe. Anamwino akuti nthawi sinakwane, mwina ndi zimene wakhala akudya. Asiyatu wandiyang'ana ngati dothilo ndinam'pakulira ndine.

Abiti Jafali akuti mwana wawo wafooka, akufunika msuzi. Thadzi lawo likuikira, sangaliphe. Ayang'ana pabwalo. Ine ndayang'ana kwina, koma tambala, kupusa, wasankha nthawi yomweyo kulira. Aitana Che Yusufu, atelala a pagolosale, kuti adzachinje mwa Chisilamu, poti akapha aMbewe alendowo sangadye.

Tambala wofiira wapita ndi Bisimilahi. Anabadwa Mkatolika, tambala ameneyu!

Andipatsa ntchafu. Ndadya. Anali wokoma, ndisaname.

Anthu a mphakati adzadya chiyani? Mwina zitumbuwa. Mwina nyimbo zawo zomwezo.

Lachisanu

A Nachisale abwera kudzaona malo, atavala chitenje cha mpingo, kachikwama m'khwapa. "Odi" wawo amamunena atalowa kale.

Zimene apeza:
- chingwe cha zovala kuchokera khoma ili kukafika ilo
- Asiyatu ali chagada, miyendo yotupa ataisanjika pa tebulo la Amayi Maria
- thadzi m'beseni
- kandulo yodalitsidwa itatsala ngati chala chaching'ono, poti Abiti Jafali akuti imawala bwino kuposa za kugolosale

"Ndiye Amayi Maria agona pati?"

Ndati pabalaza. Ayang'ana matumba a feteleza ndi matayala. Ndati kuchipinda kwathu. Ayang'ana aMbewe, amene akupopa tayala pakhonde atavula malaya, mimba ikuvina, ndipo ati iyayi.

Abiti Jafali alowererapo: "Mariyamu? Mayi wa Isa? Abwere, ifenso timam'dziwa. Tipanikizana momwemu. Ndi wonenepa?"

Ndawafotokozera kuti ndi chifaniziro, chotalika ngati mkono. Abiti Jafali akuti: "Basi sangavute. Sadya."

A Nachisale sanaseke. Akuti akakambirana ndi komiti. Komitiyo ndi iwo ndi mlamu wawo wa nyumba ya simenti ndi makatani.

Ndawaperekeza mpaka pamsewu. Ndimafuna kuwauza chifukwa chake ndikulimbikira chonchi, mawu anafika pakhosi penipeni. Koma a Nachisale ukawauza Lachisanu, Lamulungu zimakhala zili m'zolengeza za kutchalitchi. Ndangowafunsa za chimanga chawo. Akuti chamera bwino.

Pobwerera ndaima pansi pa mtengo wa mango, madontho akundigwera pamutu, ndikumvetsera m'thupi mwanga ngati muli wina. Sindikudziwa kuti wina amamveka bwanji.

Loweruka

Ndadzuka nditalimba mtima. Lero ndiwauza alendo asamukire kaye pabalaza, ndizire, Lolemba abwereremo. Mawu ndayeseza kumjigo, ndayesezanso posesa. Aulemu, koma olimba.

Ndalowa, ndapeza Asiyatu akulira chinunu, foni ili m'manja. Mwamuna wake sakupezeka. Ndi mimba yoyamba, ndipo dzana kuchipatala anamva amayi ena akusimba zoopsa. Akuti akuopa kufa. Ndamaliza ndikum'sisita msana, ndikum'namiza kuti sizipweteka kwenikweni, ngati ndikudziwa. Mawu anga aja ndatuluka nawo.

Ndisanatuluke wandigwira dzanja, waliika pamimba pake. Kanthu kandimenya! Kachidendene, kakang'ono ngati nthudza. Ndaiwala kuchotsa dzanja mpaka Asiyatu wayamba kuseka misozi ili m'masaya.

Pochapa, Abiti Jafali andiyang'ana nthawi yaitali. Akuti: "Amwali, nkhope yanu yayera bwanji masiku ano? Ndipo dothi lija akulitha si Asiyatu yekha."

Ndati ndi sopo watsopano. Aseka mpaka kutsokomola.

Abale inu! Mayi wobereka ana ambiri ngati ameneyu angaone zolakwika? Tsiku lonse ndikuyandama. Ndapsereza nyemba. Ndathira madzi m'ndowa yobooka.

Akakhala mtsikana: Tadala, kapena Takondwa.
Akakhala mnyamata: Yohane, poti nayenso mayi ake anam'dikira mpaka anthu analeka kufunsa.

Mayi a Yohane! Ndayesa kudziitana kuseri kwa nyumba, ndayankha ndekha. Zikumveka bwino. Adzabadwa nthawi ya mphepo ndi fumbi, ndidzam'lukira kachipewa. Ndikumuona atakhala pa kaliyala, timanja titagwira malaya a bambo ake, akupita ku msika wa Nsanama, anthu akufunsa kuti kamwanaka n'kandani, aMbewe akuyankha asanamalize kufunsa.

Madzulo uthenga wafika kudzera mwa mnansi. Amayi Maria akagona kwa mlamu wa a Nachisale. Ife tidikire mwezi wa Meyi.

Ndalira pang'ono. Koma ndati palibe kanthu. Pofika Meyi adzandipeza ndikuoneka, sindidzafunika n'kufotokoza komwe.

Lamulungu

Zabwera m'mawa, ndikukonzekera za ku Misa. Yohane kulibe.

Ndakhala pa mwala wa kubafa mpaka madzi azizira. Kenako ndavala, ndapita. Abambo ansembe akuti lero ndi Lamulungu la chimwemwe, tikondwere poti Ambuye ali pafupi. Ndaimba nawo. Pakamwa pokha.

Masana chifaniziro chadutsa pamsewu, a Nachisale patsogolo, wina atafunditsa Amayi Maria ambulera. Ndaima pampanda, mpeni wa ndiwo uli m'manja. Sanakhote. Ndawauza mumtima kuti pitani bwino Amayi, nkhani ija yatha yokha.

Asiyatu sanachire. Thadzi layamba kufungatira, ndiye nalonso silichoka msanga.

Ndaphika nkhwani wotendera. Pofika pothira mchere, dzanja laima. Mkazi akakhala kumwezi sathira mchere m'ndiwo, makamaka m'nyumba muli wapakati. Abambo ansembe amati ndi zachikale, koma mayi anga anandiphunzitsa choncho, ndipo lero ndilibe mphamvu zotsutsana ndi munthu aliyense. Ndatenga kambale ka mchere, ndapereka kwa Abiti Jafali.

Ayang'ana mcherewo. Ayang'ana ine. Athira, avundula, kenako akhala pansi pafupi nane, phewa lawo litagunda langa.

Nthawi yomweyo aMbewe akulowa m'khitchini akumwetulira, jumbo ili m'manja. Mango osapsa, obiriwira, owawasa, aja amawafuna amayi apakati. Dzanja alitambasulira kwa ine. Kenako aona kambale ka mchere m'manja mwa Abiti Jafali.

Kani amadziwa! Kani masiku onsewa, ine ndikubisa, iwo amangoyang'ana mwakachetechete kuti mchere akuthira ndani. Kani tinali awiri.

Aima pakhomopo, jumbo ili lende. Ine maso ali pamoto. Kenako atembenuka, aitana mokweza kuposa mmene zikufunikira:

"Alamu Asiyatu! Ndakugulirani mango!"

Asiyatu wadya onse. Ife tadya nkhwani, osayang'anana. AMbewe apempha wina. Akuti mchere wakwana bwino.