Penti wa m'zitini ndi ukwati wa alamu anga

Anzanga, mukandiona ndikudutsa pa Malomo chozyolika masiku ano musati ndadwala khosi ayi, ndi manyazi chabe.

Tili ndi kagalimoto kamene bambo a Takondwa amanyamulira anthu tsiku ndi tsiku, kuchoka pa Malomo kupita ku boma la Ntchisi n'kubwerako. Pogula kanali koyera, koma dzuwa ndi fumbi la kwathu kuno zinakasandutsa mtundu wa mbatata yongokumbidwa kumene. Ndiye alamu anga a Esinati, mchemwali wawo wa bambowo, ukwati wawo utayandikira anabwera n'kudzati, "Achimwene, ine kutchalitchi ndipita pa galimoto yakwathu, ya eni ake sindikuifuna. Koma muipente, mwamva? Akuchimuna akuchokera ku Mvera, asadzatiseke."

Bambo a Takondwa anakafunsa kwa mmisiri wina wopenta magalimoto ku Mponela. Iye anati galimotoyo igone kugalaja, aipale ndi sandipepa, aipake penti wapansi, kenako aipopere ndi makina m'chipinda chotseka. Bambowo anabwerako atagwira tsaya. "Mayi a Tako, galimoto ikakhala ku Mponela sabata yonse, ife tidya chiyani?"

Ine mumtima ndinali nditayamba kale kulota. Pakhonde pathu timaona phiri la Ntchisi, ndipo m'mawa nkhungu ikamachoka pamwamba pake pamatsala kamtundu kena ka buluu, kofewa, koti ukamakayang'ana umaiwala kuti madzi akuwira pamoto. Ndikamayamwitsa Takondwa ndinkaiona galimoto yathu itavala mtundu umenewo, ikutsetsereka pang'onopang'ono pakati pa mapiri, maliboni akuuluka, alamu ali m'kati ngati mngelo, amayi akululutira m'mbali mwa msewu n'kumafunsana kuti wapenta ndani. Wina n'kuyankha kuti ndi mayi a Takondwa, aja anasiyira sukulu panjira aja.

Nanga kupopera n'chiyani? Tomato ndimapopera ndekha. Nyumba ndimazira ndekha mpaka alendo amavula nsapato asanaponde pakhonde. Galimoto ingandikanike ine?

Ndinakagula zitini za penti wopopera pasitolo ina pa Malomo pomwepo. Wogulitsayo anati, "Mungogwedeza, mayi, kamwala ka m'katimo kakalira, basi poperani." Lachinayi bambo a Takondwa anapita kukagula mbuzi ya paukwati kumudzi wina kuseri kwa phiri, kumene galimoto sifika. Ndinangoti Mulungu wandiyankha. Mwana kumbuyo, chitini m'manja.

Chitseko choyamba, abale inu, chinakongola! Unali mtundu womwe uja wa pamwamba pa phiri. Ndinabwerera m'mbuyo kuti ndichione bwino, misozi ili lengelenge, kenako ndinapopera boneti yonse ndi denga ndikuimba nyimbo ya kwaya. Chimene sindinachione n'chakuti apongozi anga anali atakhala kuseri kwa nkhokwe ndi lichero, akupeta chimanga cha ufa wa paukwati. Ndipo mphepo ya mwera mukuidziwa mmene imawombera kuno. Mankhusu onse anauluka n'kudzatera pa penti wosaumayo, galimoto yonse waa, ngati chitumbuwa chogwera m'madeya.

Kumene kuli mankhusu kumabwera ndani? Nkhuku. Tambala wa apongozi anadumphira paboneti n'kuyamba kujompha, mathadzi ake akumutsatira. Ine kuthamangitsa, izo kupalasa, mapazi a nkhuku mpaka padenga. Ndinati ndipopere wambiri kuti abisike, pentiyo n'kuyamba kuyenderera m'zitseko ngati mamina a mwana. Apa ndiye ndinakumbukira luso langa lozira. Ndinanyowetsa dzanja n'kuyamba kusalaza mozungulira, monga timachitira ndi dothi pakhonde. Dzanja linakakamira. Zitini nazo zinathera pakati, kutsogolo buluu, kumbuyo mbatata yomwe ija.

Apongozi anatulukira lichero lili m'manja, anayang'ana kwa nthawi, n'kufunsa modekha, "Amake mwana, kodi eni ake akudziwa zimenezi?"

"Ikauma ikhala bwino, amayi," ndinatero ine.

Kuti iume mwamtendere, nkhuku zisaifikenso, ndinalowa m'chigafa n'kutenga ziguduli zomangira mabelo a fodya, ndinaifunditsa bwinobwino ngati wodwala malungo, n'kupsinja ndi njerwa kuti mphepo isachotse.

Madzulo bambo a Takondwa anafika akukoka mbuzi. Ndinati, "Tsekani maso, ndakukonzerani zinazake." Kukoka chiguduli choyamba, chinakana. Tinakoka awiri, chinachoka chikulira, koma ulusi wake wonse unatsalira pagalimoto. Abale, galimoto inamera ubweya! Wa bulauni, wokhakhala, wogwedezeka ndi mphepo. Mbuzi ija inayandikira, inanunkhiza, n'kuyamba kudzikhula pachitseko ngati yapeza mbale wake. Bambo a Takondwa anangokhala pansi padothi pomwepo, osakalipa, osaseka, n'kunena kuti, "Ndipatseniko madzi akumwa."

Alamu anga anabwera kudzaiona Lachisanu. Anaizungulira atagwira pakamwa. "Alamu, ndinakulakwirani chiyani ine?"

Loweruka mkwatibwi anapita kutchalitchi pa galimoto yobwereka ya akuchimuna, ya eni ake imene ankaikana ija. Yathu inanyamula miphika ndi nkhuni podzera njira yakumunda, ndipo tinakaiimika kuseri kwa nthochi, komabe ana a ku Mvera anaipeza n'kumaitanizana kuti adzaisisite.

Lolemba tinapita nayo ku Mponela, anthu akuloza msewu wonse. Mmisiri uja anatuluka, anaisisita paboneti pang'onopang'ono kutsata kumene ubweya wagonera, kenako anandiyang'ana mwaulemu wonse.

"Mayi, tiyambe n'kuipenta, kapena tiyambe taimeta kaye?"

Ndinalumbira pomwepo, Takondwa ali kumbuyo ngati mboni, kuti ndikadzalotanso mtundu wokongola, ndidzangopita kumsika kukagula chitenje chake n'kuvala ndekha.