Mundiona, Galu Amene Ndinamuphunzitsa Kukhala Chete

Kale ine ndinkakhulupirira kuti galu sabadwa wolusa, umachita kumukonza ngati mankhwala: tsabola pang'ono, mavu pang'ono, mkwapulo wochuluka. Musaseke. Amene anandiuza zimenezi anali amuna a ndevu zawo, ena mpaka akulu ampingo. Nzeru imeneyo inandidyera mbuzi, ndipo chaka chimenecho ana anga anadziwa kukoma kwa madeya.

Zinali zaka zija matipate atangolowa, pamene akuba nawonso anamva kuti ufulu wafika. Kwathu kuno kuseri kwa Lirangwe (ndati kwathu, koma ndine mkamwini chabe, eni malo ndi akazi anga, mayi a Esinati) mbuzi zinkasowa ngati zamera mapiko. Ife tinali nazo zitatu ndi kamwana kamodzi. Mbuzi zimenezo ndizo zinali feteleza wathu. Mvula ikayandikira timagulitsa n'kugula matumba, apo ayi munda wathu wamchenga uja umabereka mapesi okhaokha.

Ndiye ndinakwera minibasi wa ku Chileka, kwa alamu anga a Dafuleni, amene ankalondera nyumba ya bwana wina pafupi ndi bwalo la ndege. Galu wa abwana awowo anali ataswa. Anandiikira kagalu kakuda ka mapazi akuluakulu m'katoni ya sopo.

"Alamu, aka ndi kamwana," anatero a Dafuleni. "Musamakamenye. Kakadya, katulutseni panja. Kakadzuka, katulutseni panja. Kakachita bwino, kasisiteni."

"Kusisita galu?" ndinatero ine. "Alamu, phokoso la ndegeli lakusokonezani mutu. Mawa mudzati ndikagulire matewera."

Ndinakapatsa dzina loti Mundiona. Mukudziwa nokha kuti kuno dzina la galu silikhala la galuyo, limakhala la munthu amene ukufuna amve. Ine ndinkakayikira a Nyozani, oyandikana nafe, chifukwa ankadya nyama pafupipafupi osaoneka ntchito yawo. Choncho poitana galu ndinkayang'ana kunyumba kwawo n'kukuwa, "Mundiona! Mundiona!"

Inali nyengo yachisanu, ndipo mayi a Esinati anati kagalu kayambe kagona m'nyumba, kangafe. M'mawa mwake, Lamulungu, ndinaponda phazi mu nsapato yanga yakutchalitchi. Sindifotokoza zambiri, ena mukuwerenga mukudya. Ndingoti nsapato inali yofunda, ndipo si ine ndinaifunditsa.

Ndinachita monga anandiphunzitsira amuna a ndevu aja. Ndinakagwira pakhosi, kukanunkhitsa zonyansa zakezo, n'kukathira mkwapulo. Kanalira ngati khanda. Ine ndinati eya, sukulu yayamba. Ndipo kanaphunziradi: kanasiya kuchitira poonekera, n'kuyamba kubisala kuseri kwa matumba a chimanga. Tinatulukira ndi mphuno.

Apo mayi a Esinati anakatenga osandipempha. Kakangomaliza kudya mkute, iwo n'kukanyamula kupita nako pansi pa mtengo wa masawu kuseri kwa nyumba. Ankaima pamenepo ngati akudikira basi. Kakadzithandiza, n'kukasisita pamutu, "Watha ntchito, mwanawe," ndi kamutu ka usipa pamwamba. Kakaphonya m'nyumba, ankangokolopa osalankhula kanthu.

"Mayi, galu ameneyu mumusandutsa mphaka," ndinkatero.

"Nanga nsapato zanu zafundanso liti?" ankandiyankha.

Zoona n'zakuti mwezi usanathe kagalu kanayamba kukanda chitseko kokha kakafuna kutuluka. Ine ndinkauza anthu kuti mkwapulo wagwira ntchito.

Tsono inakwana nthawi yoti ndimuike ukali. Tsabola ndinamuthirira mu mkute. Anayetsemula, n'kukwirira mphuno m'dothi, ndipo m'mimba munamutsegula masiku angapo, mpaka nthiti kuwerengeka. Kutsala mavu. Amati usinje chisa cha mavu, mavuwo ali momwemo, n'kusakaniza ndi chakudya. Chimene sanandiuze n'chakuti mavu savomera kusinjidwa. Ndinakwera pa mpando kuti ndithyole chisa pansi pa denga la khitchini, jumbo kumanja. Zimene zinachitika pamenepo anaona ndi ana asukulu. Ndinatha sabata maso atatsekeka, milomo ngati ya ng'ombe, ndipo kumaliro kwina anthu anandilonjera ngati mlendo. (Galuyo mavu sanalawe n'limodzi lomwe. Ukali wonse unalowa mwa ine.)

Atakulako tinamutulutsa kuti azigona pakhonde, moyang'anana ndi khola. Apa mpamene ndinalakwitsa zenizeni. Mundiona ankauwa chilichonse: kadzidzi, njinga yodutsa, ngakhale tsamba la nthochi. Ine ndine munthu wokonda tulo, makamaka ndikadzera kwa mayi wina wotcheza kachasu ku Lirangwe. Ndiye akauwa ndinkatuluka ndi ndodo, "Chete!" n'kumukwapula. Mayi a Esinati ankati, "Bambo a Esinati, tulukani mukaone chimene waona, kenako mumutonthoze. Azidziwa kuti mwamva." Ine ndinkati sindingalamulidwe ndi galu pakhomo panga.

Posapita nthawi ndodo sinkafunikanso. Liwu lokha, ndili chigonere pamphasa, iye zii. Ndinkadzitama nazo pa bawo. "Galu wanga ali ndi mwambo ngati msilikali," ndinkatero. Sindinkafuna kuona kuti ndikamalowa pakhomo iye ankapinda mchira n'kukwawira pansi pa nkhokwe, pamene mayi a Esinati ankawachingamira kuchokera kumjigo akudumphadumpha.

Mitambo itayamba kusonkhana, ndinapangana ndi wogula mbuzi kuti abwere Loweruka. Lachinayi usiku Mundiona anauwa. Sikunali kuuwa kwa masiku onse. Kunali kwakuya, kochokera m'chifuwa, koti ngakhale ine m'tulo ndinakumva kuti n'kwachilendo. Koma bulangeti linali lokoma. Ndinamenya khoma ndi chibakera.

"Chete, iwe!"

Anatonthola nthawi yomweyo. Mwana womvera.

M'mawa tinapeza chitseko cha khola chili pansi, zingwe zitadulidwa ndi mpeni. Munatsala kamwana kokha, kakulira kufuna amake. Mapazi a anthu anadutsa pakhonde penipeni, pafupi ndi thumba limene galu ankagonapo. Mayi a Esinati anakhala pansi padothi, manja pamutu, osatulutsa mawu. Kulira kwa mtundu umenewo n'koopsa kuposa kwa pamaliro.

Anthu atasonkhana, ine ndinakweza mawu kuposa onse. "Galu wachabechabe! Ngakhale kutsokomola sanatsokomole!" Ndinatola ndodo. Mundiona atangoiona anadzikodzera pomwepo, akunjenjemera, n'kukabisa mutu m'chitenje cha mayi a Esinati. Iwo anangondiyang'ana. Ndodo inandilemera, ndinaiponya uko.

A Nyozani, amene ndinkawanena kuti ndi akuba aja, ndiwo anatulutsa njinga yawo n'kundikweza kukafufuza. Tinafika mpaka ku Mdeka. Nyama ya mbuzi tinaipeza yambiri itapachikidwa, koma nyama ilibe nkhope. Pobwerera, akupalasa chitunda thukuta lili kamukamu, anati, "Achimwene, dzina la galu wanu lija tinkalimva. Takuonanidi." Munthu sungakangane ndi amene wakunyamula.

Feteleza sitinagule chaka chimenecho. Chimanga chinafika m'mawondo n'kuchita chikasu, ndipo ine ndi ndevu zangazi ndinakapalira m'minda ya anzanga kuti andipatse madeya. Koma izo zinabwera pambuyo. Tsiku limenelo chimene chinkanditonthoza chinali chimodzi: ndinkaganiza kuti zimene zinachitika usiku uja tikuzidziwa awiri okha, ine ndi galu, ndipo galu salankhula.

Madzulo mayi a Esinati anandiikira chakudya changa ndi nkhwani wopanda mchere. Usipa wotsala anakhuthulira m'mbale ya Mundiona, ine ndikuona. Nditasamba m'manja ndinanyamuka kuti ndikagone, koma ndinapeza mphasa yanga ndi bulangeti zili pakhomo, zitakulungidwa bwinobwino.

"Nanga izi?" ndinafunsa.

"Galu anauwa, bambo a Esinati. Ndinamumva. Ndinamvanso amene anamuletsa," anatero mofatsa, akusisita Mundiona pamutu. "Lero iyeyu agona m'nyumba. Inu kagoneni kukhola, mukalondere kamwana katsalako. Mukamva akuba muuwe ndithu, ine sindikukalipirani."