Tsiku Limene Ndinabereka Mphaka M'takisi

Mpaka lero kutchalitchi kwathu kuli amayi ena amene asanandipatse moni amayamba asuzumira kumsana kwanga. Sindiwaimba mlandu, ndinaziputa ndekha. Bola ndikufotokozereni mwiniwakene, chifukwa nkhaniyi ikamayenda m'kamwa mwa ena imamera nyanga.

Ine ndimagwira ntchito ya m'nyumba kuno kunja kwa dziko lathu, kudera la olemera la Constantia, koma kugona ndimagona kukomboni ya Joe Slovo, m'kanyumba ka malata ka chipinda chimodzi. Azungu oyandikana ndi abwana anga posamuka ananyamula zonse, ndi miphika ya maluwa yomwe, koma mphaka wawo anamusiya. Ndinamupeza m'nyengo yozizira kuseri kwa migolo ya zinyalala, mvula ya kuno yogwa cham'mbali ija itamunyowetsa. Anali nkhalamba yeniyeni: diso limodzi lachita ng'ala, ubweya utapotana ngati chikolopa chakutha, nthiti zonse pamtunda. Sanathawe, sanalire. Anangondiyang'ana ngati munthu amene watopa nako kupempha.

Madamu anga anamva chisoni, koma ali ndi agalu aakulu ngati ana a ng'ombe. Anati aitana anthu oona za ziweto adzamutenge. Nditafunsa kuti mphaka wokalamba chonchi akamutani kumeneko, anayang'ana kumbali. Ndinadziwiratu kuti akangomupha. Madzulo ake a Phiri, mbale wa kumpingo amene amatola zinyalala za m'magadeni pa kagalimoto kawo, ananditenga pamodzi ndi katoni yanga mpaka kunyumba. Njira yonse ankandikumbutsa kuti kwathu ku Ntcheu, mayi wokhala yekha akaweta mphaka anthu samutcha wachifundo.

Ndinamutcha Ndatsala, ndipo posakhalitsa anasanduka a Ndatsala (wamkulu ndi wamkulu, ngakhale ayende ndi miyendo inayi). Ubweya wopotanawo ndinkaudula ndi sizasi pang'onopang'ono, iwo akundikanda mikono ngati ndawalanda munda. Nthata ndinathana nazo. Popeza mano anali atatsala owerengeka, ndinkawanyenyera nsomba za m'chitini ndi foloko, ndipo kukazizira ndinkawaikira botolo la madzi otentha lokulunga m'juzi yanga yakale. Chilimwe chikufika, anali atanenepa, ubweya ukuwala, ndikamachokera kuntchito n'kuwapeza andidikira pakhomo. Khoswe sanagwirepo ndi mmodzi yemwe (anapuma pantchito kalekale, makoswe amadutsa pamphuno pawo ali phee), koma kanyumba kaja kanasiya kukhala zii.

Kenako anasiya kudya. Tsaya linatupa, dovu likungochucha. Ndikawaikira mbale, ankanunkhiza n'kutembenukira kukhoma. Madamu anandilozera chipatala cha ziweto chimene chimathandiza anthu a m'makomboni, koma galimoto ya a Phiri inali itafa. Loweruka m'mawa ndinawaika m'katoni n'kupita pokwerera matakisi. Kondakitala anamva kukanda m'katimo, anasuzumira, n'kundiuza m'Chixhosa, chiyankhulo cha kuno, kuti takisi yake sinyamula amphaka. Wa takisi yotsatira sanasuzumire n'komwe, anangotseka chitseko.

Ndinabwerera kunyumba misozi ili lengelenge. Ndili chikhalire pabedi, maso anagwa pa chitenje changa. Msana uwu unalera ana atatu, ndinadziuza, ungalephere mphaka? Ndinawakulunga a Ndatsala m'thaulo, n'kuwabereka, n'kufunditsa kabulangete pamwamba mpaka kumutu, monga amachitira amayi onse kuno mphepo ikamaomba. Chifukwa cha kufooka ndi kufunda kwa msana, anangoti zii. Ndinasintha duku n'kubwereranso.

Kondakitala yemwe uja sanandizindikire. Ananditcha mama, n'kusuntha mnyamata wina kuti ndikhale pabwino. Ndinakhala kunsonga kwa mpando kuti ndisawapsinje odwala, mtima ukundiuza kuti ndine wanzeru kuposa Joe Slovo yense.

Takisi itangonyamuka, dzanja linandigwira paphewa. Anali amai a Tendai, mtsogoleri wa amayi kutchalitchi kwathu, obadwira ku Harare koma makolo awo a ku Dedza. Anakhala kumbuyo kwanga kwenikweni.

“Nhai asisi, mwanayu ndi wa ndani?”

Apa m'pamene ndikananong'oneza zoona. M'malo mwake ndinati ndi wa aneba, wadwala, ndikuthamangira naye kuchipatala (mukaiona bwino nkhaniyo, bodza lake linali lochepa). Anafunsa chimene chikumuvuta, ndinati mano. Anagwedeza mutu mwachifundo, nati ana akamamera mano amavuta, ndimupake uchi m'nkhama. Atafunsa miyezi yake, ndinati sindikudziwa bwino koma ndi wokulirapo.

Amai a Tendai saona wodwala n'kumusiya. Anati timupempherere pomwepo, n'kusanjika dzanja pa kabulangete. A Ndatsala akasisitidwa amalira cham'khosi, kulira kokhala ngati jenereta ya kutali, ndipo anayambadi. Amaiwo anamva kunjenjemerako m'dzanja mwawo, nati awa si mano okha, chifuwa chamulowa mwanayu. Anakweza mawu. Amayi awiri Achixhosa a pambali anatsinzina nawo, dalaivala n'kutsitsa wailesi. Ine thukuta kamukamu, ndikupemphera langalanga pemphero losiyana ndi lawo.

Takisi inadumpha pa chitunda cha pamsewu, thaulo linasuntha. Mchira wautali wotuwa unatuluka pansi pa kabulangete n'kudzikulunga bwinobwino pa dzanja la amai a Tendai.

Pemphero lija silinafike pa ameni. Amaiwo anakuwa m'Chishona, n'kukoka kabulangete, ndipo mutu wa a Ndatsala unatulukira paphewa panga: diso loyera lija, tsaya lotupa, dovu lili chuu. Anayang'ana anthu onse mmodzimmodzi n'kuti miyawu, mawu osasa a nkhalamba. Mnyamata amene anandipatsa malo uja ndinangomuona ali pa mpando wakutsogolo, sindikudziwa kuti anadutsa pati. Dalaivala anaimika pambali pa msewu, kondakitala n'kutsegula chitseko. Tinayang'anizana, ndipo pamenepo anandikumbukira.

Mtunda wotsalawo ndinayenda wapansi. Kubisa kunalibenso ntchito, choncho a Ndatsala anayenda mutu uli panja, akuonera magalimoto ndi phiri la mzinda uno ngati bwana woyendera esiteti yake. Anthu ankaloza, ena akujambula pa foni. Poyamba ndinaweramitsa nkhope, koma nditamva kamtima kawo kakugunda pamsana panga, ndinawongola khosi.

Kuchipatala anawazula mano owola n'kuwabaya jakisoni. Dokotala, mtsikana wamng'ono ngati mwana wanga woyamba, anawapapasa msana, nati amphaka a msinkhu uwu akatayidwa kawirikawiri sadzukanso. Anafunsa amene amawasamalira. Ndinayankha kuti ndine, ndipo ndinayankha mokweza kuti a pamzere amve.

Lamulungu nkhani inafika kutchalitchi ine ndisanafike. Inali itakula: akuti mwana anasanduka mphaka pakati pa pemphero. Mwana wanga wamkazi anaimba foni kuchokera ku Ntcheu kufunsa ngati zili zoona kuti ali ndi mng'ono wake wa ubweya. Abusa anatumiza amai a Tendai ndi amayi ena kuti adzaone okha. Anapeza a Ndatsala ali pabedi, akunyambita mbale ya nsomba mpaka kuyera.

Amai a Tendai anawayang'anitsitsa. Kenako anati chimene chinawapweteka si mphaka ayi, koma kuti ndinawanamiza pamaso pa anthu a mitundu ina. Ndinapepesa ndi mtima wonse za bodzalo. Za mphakayo sindinapepese.

“Komatu wachira,” anatero potuluka, akukonza duku lawo. “Musamaiwale amene anamupempherera.”

Abusa anandilangiza kuti phunziro la nkhaniyi ndi kunena zoona ngakhale pamalo povuta, ndipo ndinavomera kuti akunena zoona. Koma dokotala akufuna kuwaonanso a Ndatsala mwezi wamawa, galimoto ya a Phiri ikadali pa njerwa, ndipo makondakitala sanasinthe maganizo. Ndagula kabulangete kokulirapo. Chimene ndaphunzira ine n'chakuti pobereka mphaka uziyamba wamanga mchira.