Sipikala wa ku Tukombo

Mukatchula malemu a Zondiwe Mphande ku Tukombo, munthu amayamba waseka kaye, kenako n'kukuwa kuti, "Oda! Oda!" Mkuluyu anasesa m'Nyumba ya Malamulo zaka makumi awiri, ndipo atapuma ntchito, Nyumba yonseyo anabwera nayo kumudzi m'mutu mwake. Palibe ankaloledwa kuyankhula osadzera kwa Sipikala. Sipikalayo anali iwo omwe, osasankhidwa ndi munthu.

Pansi pa mtengo wa mango anaikapo mabenchi awiri oyang'anana, lina la boma, lina la otsutsa. Ndodo yaulemu inali nkhafi yothyoka yopaka penti wachikasu. Akazi awo, mayi Rebecca, anapatsidwa udindo wa mtsogoleri wa otsutsa, ntchito imene anali ataiyamba okha tsiku la ukwati.

"Kondowole akupola, bwerani mudye!"

"Dzerani kwa Sipikala, ama."

"Bambo Sipikala, auzeni amuna anga kuti agalu akudikira."

"Nyumba yayamba yaima kaye!"

Tsiku lina mu minibasi ya ku Chintheche analamula kondakitala wotukwana kuti atuluke m'Nyumba masiku awiri. Galimoto ili pa liwiro, abale!

Anthu ankaseka, koma mayi wina wa m'mudzimo, Iness, kuseka kunali kutamuthera. Alongo ake awiri, Lackson ndi mng'ono wake Joel, anali atatha zaka zisanu osapatsana moni chifukwa cha boti limene bambo awo anasiya. Botilo linkangowola pamchenga, ana a nyumba zonse ziwiri akudya chigwada tsiku ndi tsiku, nyanja ili pakhomo. Zinkamuwawa kwambiri Iness. Abusa analephera, amalume analephera, basi anapita kwa a Zondiwe.

Nyumba itakumana, Joel sanadikire n'komwe. "Wakuba iwe!"

"Oda! Muno mulibe iwe. Muyang'ane ine, ndipo mnzanuyo ndi Olemekezeka."

Joel anayang'ana Sipikala. "Bambo Sipikala, Olemekezekawa ndi akuba."

"Bwezani mawuwo!"

"Bambo Sipikala, Olemekezekawa amasunga bwino zinthu za eni."

Mabenchi onse awiri anagwa nako kuseka, mpaka Lackson yemwe anabisa nkhope m'chipewa.

"Ada, ingogamulani," anadandaula Iness.

"Sipikala alibe mbali, mwana wanga. Nkhaniyi ipite ku komiti."

Komitiyo inali ya anthu awiri, Lackson ndi Joel. Ntchito yake inali kukaona kunsi kwa botilo n'kubweretsa lipoti Lachisanu. Tsono boti lamatabwa munthu mmodzi sangalitembenuze. Analigwira awiri, anaona ming'alu, manyazi n'kuwagwira, ndipo anayamba kumata. Lipoti silinabwere mpaka lero.

Koma kuyankhulana maso ndi maso, ayi ndithu. A Zondiwe ankakhala pamchenga pakati pawo, nkhafi ili pamiyendo.

"Bambo Sipikala, Olemekezeka andipatsire hamala."

"Olemekezeka amva."

Boti linabwerera pamadzi, ana n'kuyambanso kununkha usipa, komabe mawu aliwonse ankadzera kwa Sipikala. Iness ankaona mkuluyo akuonda, akutsokomola, ndipo mantha ankamugwira: akadzapita, awiriwa adzadzera kwa yani?

Anapitadi mu Juni chaka chatha. Tsiku la maliro, Lackson ndi Joel anali kutsogolo kwa bokosi. Pachitunda cha kumanda bokosi linapendekera mbali ya Lackson. Joel anatembenuka mwachizolowezi, "Bambo Sipi…" Iness anagwira pamtima. Kenako Joel anayang'ana Lackson kumaso.

"Achimwene, kwezani mbali yanuyo."

"Ndakweza, mng'ono wanga."

Apo mpamene Iness analira mokweza, ndipo sanadziwe ngati akulirira maliro okha.

Masiku ano pansi pa mango paja pangoti zii, ndipo pamsonkhano aliyense amangolankhula nthawi imodzi ngati pamsika wa Mpamba. Anthu amawasowa ada aja, zoona. Koma m'mawa mukatsikira kunyanja mudzamva amuna awiri akukalipirana m'boti za amene wamanga molakwa chingwe cha ukonde. Iness akawamva sawaletsa. Amangopita kukasesa thandala loyanikapo nsomba.